Nyambo imene timaikira ng'ona tsiku ndi tsiku

Mlenje wa ng'ona sathamangitsana ndi nyama yake. Anthu akadandaula kuti pa doko lakuti pavuta, iye amayamba wayendera gombe masana, kuyang'ana mkwekwe wa mchira ndi mapazi pamchenga pamene nyamayo imaothera dzuwa. Akapapeza amamangirira nyama yoyamba kununkha, kaya ndi mwendo wa mbuzi kaya matumbo a ng'ombe, pa nthambi yolendewera pamadzi kapena m'kati mwa msampha wachitsulo, n'kuchokapo. Usiku woyamba ng'ona imatha kungoyandama chapatali, mphuno ndi maso okha zili pamwamba. Usiku wotsatira imasendera. Ikalawako kamodzi osaona choopsa, imabweranso pamalo omwewo, kawirikawiri pa nthawi yomweyo. Apo m'pamene mlenje amabwera mwakachetechete ndi bwato ndi tochi, ndipo maso a ng'ona amawala psuu m'kuwala kwa tochiyo.

Luso lonse la ulenje umenewu lagona pa chinthu chimodzi: ng'ona imaphunzira, ndipo siiwala pamene inapeza chakudya. Nkhani imeneyi ikukhudza aliyense wokhala m'mphepete mwa madzi m'boma la Mangochi, kuyambira ku Makanjira ndi Malindi, kudzera ku Monkey Bay ndi Nankumba, mpaka mu Shire ndi ku nyanja ya Malombe kwa Chimwala.

Njira ya nyambo si ya kuno kokha. Ku Maine, m'dziko la America, alenje a zimbalangondo amaloledwa kuyamba kuika nyambo m'nkhalango kutatsala masiku 30 kuti nyengo yosaka itsegulidwe kumapeto kwa Ogasiti. Ino imakhala nthawi imene chimbalangondo chimadya usana ndi usiku kuti chinenepe, poti chisanu chikafika chimakagona miyezi ingapo osadya kanthu. Alenjewo amathira zotsalira za buledi, madonati ndi mafuta ophikira m'migolo, nyamayo n'kuzolowera kubwera, tsiku lina n'kupeza mfuti ikuidikira. Mu 2014 anthu a ku Maine anachita kuvota ngati njirayi ithetsedwe, ndipo ambiri anati ipitirire. Koma akatswiri a nyama kumeneko amagwirizana pa mfundo iyi: chilombo chikazolowera kupeza chakudya pafupi ndi anthu, mantha amachithera. N'chifukwa chake ku Florida kudyetsa ng'ona zakumeneko ndi mlandu.

Tsono tayang'anani doko lililonse la kwathu m'mawa mabwato akamakocheza. Amayi ndi anyamata ali kakaka kupala mamba ndi kutumbula kampango, mlamba ndi chambo pamadzi penipeni. Matumbo, mitu ndi magazi zimatsalira pomwepo. Chapatsidya pang'ono wina wapha mbuzi ndipo akutsukira matumbo m'nyanja. Galu akafa, amakamutaya m'bango. Matchera amagona m'madzi usiku wonse nsomba zikupirikita m'menemo, ndipo mwini wake amabwera kudzawonjola mbandakucha, ali yekha, madzi akumufika m'chiuno. Dzuwa likapendeka, pamalo omwe aja pamafika ana kudzasamba ndi atsikana kudzatsuka mbale. Mawa zimachitikanso chimodzimodzi, pa maola omwewo. Mlenje akanati alembe ndondomeko yokopera ng'ona, sakanawonjezerapo kanthu.

Si kuti anthu amachita izi mwadala, kapena kuti ndi osasamala. Madzi ali pomwepo, mjigo uli kutali kapena unawonongeka, ndipo ntchito ya nsomba imafuna madzi ambiri. Koma ng'ona siidziwa zifukwa zathu. Imangodziwa kuti pa gombe lakuti pamapezeka chakudya dzuwa likamatuluka.

Thupi la nyamayi linapangidwira kudikira. Maso, mphuno ndi makutu zili pamwamba pa mutu, choncho imatha kuona munthu thupi lake lonse lili pansi pa madzi. Kumapeto kwa lilime kuli kachikopa kotseka kukhosi, kotero imatha kugwira nyama pansi pa madzi osatsamwa. M'mbali mwa nsagwada muli timadontho takuda timene timamva kugwedezeka kwa madzi, ngakhale mumdima kapena m'madzi amatope. Mwana akamasambira akumenya madzi, uthenga umafika. Mano ake ndi oposa 60, ndipo likaguluka lina limamera. Sitafuna. Imagwira, n'kukokera kozama, n'kudzigubuduza kuti ithyole kapena kudula chimene yagwiracho.

Si ng'ona iliyonse imene ili yoopsa kwa munthu. Katswiri wina wa ku Britain, Hugh Cott, atafufuza zam'mimba mwa ng'ona zambiri ku Uganda ndi ku Zambia, analemba mu 1961 kuti chakudya chake chimasintha ikamakula: tiana timadya tizilombo, nkhanu ndi achule, zapakati zimadalira nsomba, ndipo zikuluzikulu ndizo zimagwira nyama zobwera kudzamwa madzi. Zimene zimapha anthu kawirikawiri zimakhala zopitirira mamita 3, pamene zamphongo zakale zimatha kufika mamita 5. Apa pali funso lofunika kuliganizira ku Malombe, kumene chambo chinatha mochititsa mantha cha m'ma 1990 ndipo asodzi anatsala n'kumasesa kambuzi ndi nkacha. Nsomba zikuluzikulu zikachepa, nsomba yokodwa kale mu ukonde imakhala chakudya chosavuta, ndipo msodzi ndi ng'ona amakumana pa ukonde womwewo.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Ng'ona ilibe kutentha kwakekwake m'thupi. Imadalira dzuwa ndi madzi. M'miyezi ya mwera, Juni ndi Julayi, imachita ulesi ndipo imadya pang'ono. Kukayamba kutentha mu Seputembala ndi Okutobala thupi limadzuka, njala n'kukula. Nthawi yomweyo zazikazi zimakumba dzenje pamchenga pamwamba pa gombe n'kuikira mazira, kawirikawiri pakati pa 40 ndi 60, ndipo zimalondera chisacho pafupifupi miyezi itatu mpaka ana ataswa mvula itayamba. Chodabwitsa n'chakuti kutentha kwa mchengawo ndiko kumasankha ngati ana akhale aamuna kapena aakazi: pakati pa madigiri 32 ndi 34 pamatuluka aamuna ambiri, kukazizirapo pamatuluka aakazi. Mayi wa ng'ona akamva ana akulira m'mazira amafukula mchenga, n'kuwanyamula m'kamwa kupita nawo kumadzi. Wodula bango kapena wolima dimba akayandikira malo otere, imamulumphira ngakhale ilibe njala.

Mvula ikagwa, mitsinje imadzaza, madzi amada ndi matope, ndipo ng'ona zimatsata madziwo kulowa m'madambo ndi m'minda ya mpunga. Mu 2024 nyanja inakwera kuposa m'mene inakwererapo kwa zaka zambiri, n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mphepete mwa Mangochi. Madzi saiwala khwawa, ndipo akamabwerera kumene anali kale amabwera ndi eni ake. Pamene chaka chatha panali bwalo losewerera ana, chaka chino pakhoza kukhala bango lobisalamo ng'ona.

Amene wapulumuka m'kamwa mwa ng'ona amakhala kuti wapambana nkhondo yoyamba yokha. Choyamba chimene chimapha ndi kutaya magazi. Tsindirani balalo mwamphamvu ndi chitenje kapena malaya oyera, musatukule nsaluyo kuti muone ngati magazi asiya, ingowonjezerani ina pamwamba, ndipo nyamukani nthawi yomweyo. Ngati fupa lathyoka, limangirireni ku thabwa kapena nkhafi kuti lisamagwedezeke. Chachiwiri, chimene ambiri sachiona, ndi tizilombo. Mano a ng'ona amaboola mozama n'kusiyamo matope, nyama yofa ndi mabakiteriya a m'kamwa mwake ndi a m'madzi, monga otchedwa Aeromonas, amene satha ndi mankhwala wamba ogula pa golosale. Pamwamba bala limatha kuoneka timabowo tochepa, pamene m'kati mnofu waphwanyika. Pakatha masiku awiri kapena atatu mwendo umatupa, kununkha, thupi n'kutentha, ndipo pofika kuchipatala madokotala amakakamizika kuudula kuti apulumutse moyo.

Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1998 m'magazini ya Tropical Doctor anaunika anthu 60 olumidwa ndi ng'ona amene anagonekedwa pa chipatala cha Trinity ku Nsanje, ndipo anapeza kuti anthu 4 mwa 10 alionse anatsala ndi chilema. Kwa msodzi, dzanja lopuwala ndi njala ya banja lonse. Choncho bala la ng'ona, ngakhale lioneke laling'ono, ndi la kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi ku Monkey Bay, ku St Martin's ku Malindi kapena ku chipatala chachikulu cha boma pa Mangochi, kumene ovulala kwambiri amawatumiza ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth. Kumeneko amatsuka balalo, kuchotsa mnofu wakufa, kupereka mankhwala amphamvu opha tizilombo ndi katemera wa kafumbata. Musadabwe akalisiya osalisoka kwa masiku angapo. Si ulesi, kusoka msanga kumatsekera tizilombo m'kati. Phulusa, dothi, masamba osinja kapena mafuta a injini zisayandikire pabalapo.

Ng'ona ikaphedwa pamakhala nkhawa ina, ya ndulu. Ambiri tinakula tikumva kuti kadontho ka ndulu ya ng'ona mu mowa kamapha mudzi, ndipo n'chifukwa chake amaitaya pamaso pa mfumu ndi mboni. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa masese pa maliro, ndipo mphekesera yoyamba inaloza ndulu ya ng'ona. Mowawo utapimidwa, anapeza kuti chinapha anthu ndi poizoni wopangidwa ndi mabakiteriya amene anamera mu ufa wa chimanga wowonongeka ndi madzi osefukira. Kale m'ma 1980, Pulofesa Norman Nyazema wa ku yunivesite ya Zimbabwe anali atayesa ndulu ya ng'ona pa nyama ndipo sanapezemo ululu wopha. Chikhulupiriro cha ng'ona zotumidwa nachonso chimavulaza: mwana akagwidwa, chala chimaloza gogo wina m'mudzi, pamene nyama imene yaphunzira doko lija idakali m'bango kudikira mawa.

Mkwiyo wa anamfedwa ndi womveka, ndipo ng'ona imene yagwirapo munthu kapena yazolowera ziweto za pa doko iyenera kuchotsedwa. Imeneyo ndi ntchito ya a Gemu, a nthambi yoona za malo osungira nyama zakutchire, ndipo anthu ali ndi ufulu wofuna kuti akaitanidwa azifika msanga. Lamulo la nyama zakutchire la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limateteza ng'ona. Munthu angaiphe podziteteza moyo uli pachiswe, n'kukanena kwa akuluakulu, koma kuisaka popanda chilolezo ndi mlandu. Malonda a zikopa zake nawo amayendera pangano la mayiko la CITES, limene Malawi analowamo mu 1982.

Choopsa kwambiri ndi chimene ena amachita akatopa kudikira: kuthira tameki mu nyama n'kuiponya m'madzi. Nyambo yapoizoni siisankha. Imapha milamba, nkhwazi, agalu, ndipo madzi omwewo ndi amene mawa atungidwe ophikira phala. Ngakhale itapha ng'ona, palibe angatsimikize kuti ndi ija inalakwa. Ndipo ngakhale mlenje wa boma atalasa yeniyeniyo, malo ake sakhalitsa opanda mwini. Shire imalumikiza nyanja yaikulu, Malombe ndi Liwonde National Park, kumene ng'ona zilipo zambiri, ndipo doko limene likupitiriza kutaya matumbo m'madzi lidzakopa ina.

Apa m'pamene ndikuona kuti mphamvu zambiri zili m'manja mwa mudzi. Makomiti a m'madoko, amene anayamba ku Malombe mu 1993, amadziwa kale kukhazikitsa malamulo a maukonde. Angathenso kulamula kuti nsomba zizitumbulidwa pamtunda, zotsalira zikwiriridwe m'dzenje, ndipo malo osambira atalikirane ndi pokocheza mabwato. Ku Sri Lanka, m'mphepete mwa mtsinje wa Nilwala, anthu amazika mpanda wa mitengo kapena waya m'madzi osaya kuti azisambira ndi kuchapira m'kati mwake. Mpanda wotere umathandiza pokhapokha ukamayenderedwa ndi kukonzedwa, makamaka madzi akakwera. Mjigo wogwira ntchito umachita zoposa pamenepo, chifukwa mayi amene sakulowa m'nyanja wapewanso likodzo ndi kolera, matenda amene Mangochi akuwadziwa bwino.

Mafumu, makomiti a m'madoko ndi makolo, kutentha kukayamba khalani pansi mugwirizane za doko lanu: potumbulira nsomba pakhale pati, ana azisamba pati ndipo nthawi yanji, ndani aziimbira a Gemu ng'ona yaikulu ikaoneka, ndi njinga kapena galimoto ya yani imene inyamule wovulala usiku. Musadikire kuti zimenezi mukazikambirane pa maliro.