Mankhwala a Mwana Wotsegula M'mimba

Mvula ikayamba kuno ku Angónia, madzi a m'zitsime amada, ndipo ana ambiri amatsegula m'mimba. Amayi amabereka mwana kupita naye ku chipatala cha ku Ulongwe. Ena amabwerako akudandaula kuti, "Sanamubaye jekeseni, angondipatsa kapaketi." Tiyeni tione chifukwa chake.

Chimene chimapha mwana wotsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi m'thupi. Maso amalowa. Liwombo limalowa. Khungu tikalitsina silibwerera msanga. Ndiwo za kudimba zikafota timazithirira. Mwana nayenso afunika kumubwezera madzi.

Kapaketi kaja kalembedwa SRO. Anzathu a ku Malawi amakatchula Thanzi. Muli mchere ndi shuga zoyezedwa bwino. Timasungunula paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa. Timamwetsa mwana pang'onopang'ono ndi sipuni. Akasanza, timadikira mphindi 10 ndi kuyambanso. Otsala timataya pakatha tsiku limodzi.

Mankhwala achiwiri ndi mapiritsi a zinki. Kuyambira mu 2004, mabungwe a WHO ndi UNICEF amalangiza kuti mwana amwe zinki masiku 10 mpaka 14. Zinki amafupikitsa matendawa ndi kuteteza kuti asabwerenso msanga. Tisalekeze panjira, ngakhale mwana atayamba kusewera.

Mwana amene wafooka kwambiri, amene sakutha kumwa kapena kuyamwa, amamugoneka m'chipatala ndi kumuika diripi. Madzi amalowa kudzera mumtsempha. Akatsitsimuka, amayambanso kumwa SRO.

Nanga makapisozi aja timagula pamsika? Kutsegula m'mimba kwa ana ambiri kumayamba ndi tizilombo timene makapisozi sapha. Adokotala amapereka mankhwala otere pamene m'chimbudzi muli magazi, ndiye kamwazi, kapena pamene kolera yakula. Mapiritsi oimitsa kutsegula sayenera kupatsidwa kwa ana aang'ono, ndi oopsa.

Abale, mwana akamadwala chonchi tisaleke kumuyamwitsa, ndipo tizimupatsa phala. Liwombo likalowa tisataye nthawi ndi kumata mankhwala pamutu. Tithamangire ku chipatala tsiku lomwelo, tikumumwetsa m'njira.

Mafunso okambirana:
1. Kodi paketi imodzi ya SRO timasungunula m'madzi ochuluka bwanji?
2. Kodi mwana amwe zinki masiku angati?
3. Tchulani zizindikiro zitatu za kutha kwa madzi m'thupi.