Chikhodzodzo chimamenya nkhondo, ife tili phee m'kalasi

Anzanga, pa Biology timajambula chikhodzodzo ngati kathumba kosungira mkodzo basi, kenako n'kupita pa mutu wina. Komatu kathumbako kamadziteteza kwa tizilombo toyambitsa matenda, ndipo ena mwa ife timakafooketsa pogwira mkodzo kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ati kuchimbudzi kuli mzere kapena fungo.

Mdani wamkulu ndi bakiteriya wotchedwa Escherichia coli, mwachidule E. coli. Kwawo ndi m'matumbo, ndipo kumeneko nthawi zambiri savuta. Mavuto amayamba akachoka kotulukira chimbudzi n'kulowa m'njira ya mkodzo mpaka kukafika m'chikhodzodzo. Njira imeneyi kwa akazi ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, pomwe kwa amuna ndi pafupifupi masentimita 20. N'chifukwa chake atsikana amadwala matendawa kawirikawiri. Ndi mmene thupi linapangidwira, si khalidwe loipa ayi. Inu okonda kuseka anzanu, mwamva eti?

Chitetezo choyamba ndi kukodza kumene. Mkodzo ukamatuluka umakokolola mabakiteriya amene sanagwire khoma. Zinthu zikamuyendera bwino, monga mu labotale, E. coli amagawikana pawiri m'mphindi 20 zokha, ndiye mkodzo ukakhalitsa umamupatsa mpata woswana.

Koma naye ndi wochenjera. Ali ndi titsitsi tating'onoting'ono, ndipo kunsonga kwake kuli puloteni yotchedwa FimH imene imamatirira pa mtundu wina wa shuga wopezeka pakhoma la chikhodzodzo. Thupi limamutchera nyambo. Impso zimathira mumkodzo puloteni ina, uromodulin, yomwe ili ndi shuga wofanana ndi wapakhomayo. Bakiteriya amaigwira poyesa kuti wagwira khoma, kenako ulendo wa kuchimbudzi.

Nanga amene wafikadi pakhoma? Apa ndiye pali nkhani. Khoma la m'kati mwa chikhodzodzo linayalidwa ndi maselo akuluakulu amene asayansi amawatchula kuti maselo a ambulera, poti amaphimba anzawo apansi kuti mkodzo usawafike. Chikhodzodzo chikamadzaza, maselowa amatambasuka. Mkodzo ukatuluka amapindira khungu lotsala m'kati mwawo, m'timatumba, ngati mmene amayi amapindira chitenje chikatalika. E. coli amapezerapo mwayi n'kulowa m'selo kudzera m'timatumba timeneti. Akakhala m'kati, mkodzo sungamukokololenso.

Selo silimangoyang'ana. Lili ndi mlonda wake, puloteni yotchedwa TLR4, imene imazindikira khungu la bakiteriya. Mlondayo akaliza belu, timatumba tija timabwezedwa kunja ndipo bakiteriya amalavulidwira mumkodzo. Otsalira amatsekeredwa mu lysosome, kathumba ka asidi kamene selo limagayiramo zinyalala. E. coli amatha kuchepetsa mphamvu ya asidiyo kuti asagayidwe. M'chaka cha 2015, gulu la Soman Abraham pa Duke University ku America linaonetsa zimene zimachitika zikatero: selo limazindikira kuti asidi wazirala, ndiye limasanza zonse za m'kathumbamo. Bakiteriya amatuluka atakulungidwa m'kachikopa, moti zimamuvuta kumatiriranso pakhoma. Kusanza kwa nzeru kumeneko, aise.

Zonsezi zikakanika, selo la ambulera limadzipereka. Limafa, n'kusendeka pakhoma, n'kutuluka ndi mkodzo litanyamula mabakiteriya onse amene anali m'kati mwake. Gulu la Scott Hultgren ku Washington University, mumzinda wa St. Louis, linaona zimenezi pa mbewa za mu labotale m'chaka cha 1998. Nthawi yomweyo khoma limatumiza uthenga woitana maselo oyera a m'magazi, makamaka ma neutrophil, kuti adzadye adaniwo. Ndiwo amachititsa kuti mkodzo wa wodwala uzioneka wa mbuu.

Njira yomalizayi ili ndi mtengo wake. Ambulera akachoka, maselo anthete apansi amakhala pamtetete mpaka atsopano atakula. Pa mbewa zinaonekanso kuti mabakiteriya ena amalowa m'maselo apansiwo n'kugona duu kwa miyezi, kenako n'kudzuka. Asayansi akuganiza kuti ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene matendawa amabwererabwerera kwa anthu ena.

Ndiye mbali yathu ndi iti? Kumwa madzi okwanira, kupempha chilolezo kwa aphunzitsi mkodzo ukatipana m'malo mopirira mpaka belu, ndipo kwa atsikana, kupukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Ukamamva kuwotcha pokodza, kukodza pafupipafupi koma timadontho, kapena kupweteka m'munsi mwa mchombo, pita kuchipatala akakuyeze, chifukwa matenda ena opatsirana pogonana nawonso amawotcha chimodzimodzi ndipo mankhwala ake ndi ena. Osagula makapisozi awiri pagolosale n'kumati wachira. Akakupatsa mankhwala, umwe monga akuuzira mpaka kumaliza. Thupi likatentha, n'kumazizidwa, komanso msana ukamapweteka cha m'mbali, mwina mabakiteriya akwera mpaka ku impso, ndipo pamenepo osadikira mawa.

Za magazi mumkodzo, makamaka kwa ife osamba kumtsinje, kudambo kapena kunyanja, kawirikawiri amakhala likodzo. Limenelo limayamba ndi nyongolotsi zochokera mu nkhono za m'madzi, osati bakiteriya, ndipo mankhwala ake ndi praziquantel.