Kampeni kobisika kamene amakaonetsa dala

Tsiku lina pamsika wa Zingwangwa ndinapeza mayi wa kaunjika akutsatsa nsalu yaubweya ya mizeremizere, yopindapinda kumbuyo. "Siketi yolimba iyi, achimwene, agulireni akunyumba!" Sinali siketi. Inali kilt, chovala cha amuna a ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone. Ndipotu mzinda wathu unatenga dzina la Blantyre, kumene iye anabadwira, amishoni atafika mu 1876. Chovalachi chimayenda ndi kampeni kake.

Dzina lake

Amalemba sgian-dubh, koma potchula amati "skiyani-du". Ndi mawu a chilankhulo cha Gaelic. Sgian ndi mpeni, dubh ndi chinthu chakuda, komanso liwuli limanena chobisika, monga ife tikamati nkhani yachitikira mumdima.

Amakaika pati?

M'sokosi yaitali yofika m'bondo. Mpeni wake, wotalika masentimita 8 kapena 9, umalowa m'chimake, kunja n'kungosuzumira chogwirira. Wamanja amakatsomeka kumwendo wamanja, wamanzere kumanzere.

Nanga chobisika chionekerenji?

Apa ndi pamene pamandigwira mtima. Ambiri amakhulupirira kuti kanachokera ku mpeni wina, sgian-achlais, umene anthu a kumapiri a Scotland ankabisa m'khwapa m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Akuti munthu akafika pakhomo pa mnzake ankasiya zida zikuluzikulu panja, koma wam'khwapa uja ankautulutsa n'kuutsomeka m'sokosi, kuti mwini nyumba auone ndi maso ake. Tingati inali "odi" wawo. Kwathunso mlendo waulemu salowa m'nyumba nkhwangwa ili paphewa, amaitsamiritsa pakhonde. Ine ndimaona kuti ulemu wa kampenika uli pomwepo, osati pa kuthwa kwake.

Chogwirira

Ena amasema nyanga ya nyama, ena mtengo wakuda, pamwamba n'kuikapo mwala wonyezimira wa cairngorm. Mwa mitengo imene amakonda muli phingo, yemweyu amene osema ziboliboli athu amamudziwa bwino. Zitoliro za ku Scotland za bagpipe nazonso zambiri n'za phingo.

Lamulo

Ku Scotland lamulo la 1995 limaletsa kuyenda ndi mpeni pagulu, koma limalola wovala zachikhalidwe. Ngakhale zili choncho, m'ndege kamayenera kukhala m'chikwama chachikulu, ndipo ana amawapatsa kapulasitiki kopanda mpeni.

Mukadzaona chithunzi cha ukwati wa ku Glasgow, mkwati atavala kilt, mudzayang'anitsitse pansi pa bondo.