Nyuzipepala Yaikulu ndi Nyuzipepala Yaing'ono

Tsiku lina ndiri pa ulendo m'sitima ya pamtunda, ndinakhala pafupi ndi mkulu wina amene anali kuwerenga nyuzipepala. Ataitambasula inali ngati mphasa, ndipo potembenuza tsamba anali kundigunda ndi cigongono. Patsogolo pathu panali mnyamata, iyenso ndi yace, koma yaing'ono, yodzala ndi zithunzi. Mkulu uja ananditsina nati, "Onani bambo, ana a masiku ano agula mabodza ndi ndalama zao." Mnyamata anamva, ndipo anayankha mwaulemu nati, "Pepani acikulire, koma yanuyo mufika nayo ku Ndola musanatsirize tsamba loyamba." Tonse tinaseka. Koma ine ndinayamba kudzifunsa: kodi ndani anayamba kusiyanitsa manyuzipepala cotere, ndipo kodi n'zoona kuti yaikulu ndiyo yonena zoona?

Mitundu iwiri imeneyi iri ndi maina ace pa Cingelezi. Yaikulu aicha broadsheet, ndiko kunena kuti pepala lotambalala. Tsamba lace limodzi litalika mainchi 23 kapena 24, ndipo m'mimba mwace ndi mainchi 15. Yaing'ono aicha tabloid, ndipo iri ngati theka la inzace: mukapinda broadsheet pakati mwapeza tabloid. Mbiri ya zonse ziwiri yacokera makamaka ku England.

Nyuzipepala yoyamba yoturuka tsiku ndi tsiku ku London inali Daily Courant, m'caka ca 1702. Inali pepala limodzi cabe. M'caka ca 1712, pa nthawi ya Mfumukazi Anne, Boma linaika msonkho pa manyuzipepala: kobiri limodzi pa pepala lathunthu, theka la kobiri pa pepala latheka. Msonkho umenewu unakwera pang'ono-pang'ono kufikira m'caka ca 1815 unafika makobiri anai, ndipo The Times inali kugulidwa makobiri 7. Munthu wosauka sanali kutha kugula yekha. Anthu anali kusonkha kuti agule imodzi, kapena kumvera wina akuwerenga mokweza m'nyumba zomwera mowa. Tsono popeza Boma linali kuwerenga mapepala, osati mau olembedwapo, osindikiza anacenjera. Anakulitsa pepala, nacepetsa zilembo, napanikiza nkhani m'mizere yaitali-yaitali, monga acita munthu wolipira dengu limodzi pa basi amene aunjika zonse m'dengu lomwelo. Ici ndico cifukwa cimodzi cacikulu cimene nyuzipepala inakulira. Msonkho unatsika kufika kobiri limodzi m'caka ca 1836, ndipo unatha m'caka ca 1855, koma pepala lalikulu linakhalabe, pakuti anthu anali atalizolowera ndipo makina anali atapangidwira msinkhu umenewo.

Mfumu ya manyuzipepala akulu inali The Times. Anaiyamba ndi John Walter m'caka ca 1785 ndi dzina lina, ndipo dzina la The Times linayamba m'caka ca 1788. Mu November 1814 anayamba kusindikiza ndi makina oyendera nthunzi a Friedrich Koenig, oturutsa mapepala 1,100 pa ora limodzi. Owerenga ace anali anthu a malamulo, a malonda ndi a m'Boma, anthu okhala ndi nthawi ndi tebulo lalikulu. Anafuna kumva mau onse onenedwa m'Nyumba ya Malamulo, mitengo ya katundu, milandu ya ku makhoti ndi makalata a ku maiko akutali. Mphamvu yace inaoneka pa nkhondo ya ku Crimea m'caka ca 1854, pamene William Howard Russell analemba za asilikali akufa ndi matenda ndi kuzizira cifukwa ca kusasamala kwa akulu ao. Anthu anakwiya, ndipo Boma la Lord Aberdeen linagwa m'caka ca 1855. Komabe nyuzipepala imeneyi sinali kupfuula. Mwina simudzakhulupirira, koma kufikira May 1966 pa tsamba lace loyamba panali tizilengezo ta maliro, maukwati ndi malonda, ndipo nkhani zinali m'kati.

Nanga liu lakuti tabloid? Poyamba silinali la manyuzipepala konse. Linali dzina la mankhwala. M'caka ca 1884 kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London inalembetsa liu limeneli ngati dzina la timibulu tace ta mankhwala opanikiza, tosabvuta kumeza. Pambuyo pace anthu anayamba kucha tabloid cinthu ciri conse cimene acifupikitsa.

Munthu amene anaona kuti nkhani nazonso zingathe kumezedwa cotero ndi Alfred Harmsworth, amene pambuyo pace anachedwa Lord Northcliffe. Lamulo la masukulu la 1870 linali litacurukitsa anthu odziwa kuwerenga: makalaliki, ogulitsa m'masitolo, anchito a m'mafakitale. Iwo analibe nthawi ya nkhani zazitali. M'caka ca 1896 Harmsworth anayamba Daily Mail ya theka la kobiri, ya nkhani zazifupi, ngakhale pepala lace linali lalikulube. M'caka ca 1903 anayamba Daily Mirror, nyuzipepala ya akazi yolembedwa ndi akazi. Akazi sanaigule, ndipo anataya ndalama zambiri. Caka cotsatira anaisandutsa nyuzipepala ya zithunzi, ndipo pamenepo inayamba kuyenda malonda. Ku America anatsanzira: Daily News ya ku New York inayamba m'caka ca 1919.

Kalembedwe kamene tikadziwa ka tabloid kanakhwima m'zaka za m'ma 1930, pamene Harry Guy Bartholomew wa Daily Mirror anayamba kuika mitu ya zilembo zakuda zazikulu. Pa tsamba loyamba pakhala nkhani imodzi, cithunzi cimodzi ndi mau owerengeka. Mau ace ndi a pa msika. Broadsheet ikamba za mlandu wa msonkho ndi ziwerengero zace, koma tabloid ipeza mai mmodzi amene msonkhowo wamlanda cakudya, nimjambula. Ine sindinyoza luso limeneli, pakuti kufotokoza cinthu cobvuta m'mau makumi awiri ndi nchito yoposa kucifotokoza m'mau mazana awiri. M'zaka za m'ma 1960 Daily Mirror inali kugulitsa makope oposa 5,000,000 tsiku liri lonse. M'caka ca 1969 Rupert Murdoch anagula The Sun naicepetsa, nadzazamo za mpira, za anthu ochuka ndi za cigololo, ndipo pasanathe zaka khumi inapitirira Mirror.

Tsono mkulu wa m'sitima uja anali ndi mfundo. Mu April 1989 anthu anapanikizana pa bwalo la mpira la Hillsborough ku Sheffield, ndipo onse amene anafa cifukwa ca ngoziyo anakwana 97. Patapita masiku anai The Sun inalemba pa tsamba loyamba kuti otsatira timu ya Liverpool anali kubera ovulala ndi kumenya apolisi. Linali bodza. Abale a akufa anasenza manyazi amenewo zaka 23, kufikira m'caka ca 2012 pamene ofufuza anaonetsa poyera kuti zinali zabodza, ndipo nyuzipepalayo inapepesa. Anthu ambiri a ku Liverpool analeka kuigula. News of the World nayo inatsekedwa mu July 2011, itakhala zaka 168, cifukwa ca kumvera mobisa mauthenga a m'matelefoni a anthu.

Koma mkuluyo akadadziwa zina akadatsitsa mau. News of the World yomweyo inali ya pepala lalikulu kufikira m'caka ca 1984, ndipo miseche inali kale cakudya cace. Bild ya ku Germany, imene inayamba m'caka ca 1952, ndi ya pepala lalikulu, koma ipfuula koposa ma tabloid ambiri. Ndipo m'caka ca 1983 The Sunday Times, nyuzipepala yolemekezeka, inasindikiza zimene inati ndi zolemba za Hitler za tsiku ndi tsiku. Pasanathe milungu itatu kunadziwika kuti munthu wina anazipeka kuti apeze ndalama.

Potsiriza pace sitima ndiyo inagonjetsa mphasa ija. Anthu opita ku nchito ku London, opanikizana m'masitima, analibe malo otambasulira manja. Daily Mail inacepa m'caka ca 1971, Daily Express m'caka ca 1977. Mu September 2003 The Independent inayamba kuturutsa nkhani zomwezo m'misinkhu iwiri kuti wogula asankhe yekha, ndipo ambiri anasankha yaing'ono. The Times inacita cimodzimodzi, ndipo mu November 2004 inasiyiratu pepala lalikulu. Koma pocita manyazi ndi liu lakuti tabloid, eni ace anacha msinkhu watsopanowo compact. The Guardian inafika pa msinkhu wa tabloid mu January 2018. The Daily Telegraph ndi Financial Times, ija ya pepala lofiirira, ndizo zinakana kupindidwa.