Denga la Udzu ndi Maboma Athu

Munthu amene adamweta udzu, kudula phaso n'kufolera nyumba yake ku Kapondo, m'boma la Mchinji, saiwala mvula imene idamunyowetsa asadafolere. Denga likayamba kudontha amangotchera beseni n'kupirira. Mwana wobadwira m'nyumbamo mvula ija saidziwa, iye amadziwa podontha basi, ndipo akakula ndi amene amakwera pamwamba kukasasula. Maboma athu akhala akusintha chonchi.

Boma la atsamunda lidayamba mu 1891, ndipo boma la Mchinji linkatchedwa Fort Manning. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitabwera mu 1953, amene adaitana Kamuzu kuti abwerere mu 1958 adali anyamata ngati Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, obadwira mu utsamunda, osakwana zaka 30. Ufulu udabwera mu 1964, chipani chimodzi mu 1966.

Makolo amene adalawapo msonkho wa atsamunda ankati bola Ngwazi Kamuzu. Ana awo adakula akuona a Youth League atatsekereza pakhomo la msika kufuna khadi la chipani, mayi n'kubwezedwa ndi dengu lake la mtedza. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma mu Marichi 1992, ophunzira a ku Chancellor College ndi ogwira ntchito ku Blantyre ndi amene adatuluka m'misewu. Pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, idagonjetsa tambala wakuda wa chipani chimodzi, ngakhale chigawo chapakati chino ambiri adavoterabe chipani chimodzi. Mu 1994 Bakili Muluzi adalowa.

Ena amati zaka 30 zikakwana boma liyenera kugwa. Pamenepo akukokomeza. John Chilembwe adayesa kugwetsa boma la atsamunda mu 1915, koma atsamunda adakhalabe zaka zina 49. Denga lovunda limafunanso mphepo. Mu 1991 anthu a m'malire muno adamva kuti kutsidya ku Zambia Kaunda wagonja kwa Chiluba pa chisankho, ndipo mu 1992 mayiko othandiza adaimika thandizo lawo. Komanso si zonse zimene zimasasulidwa: mafumu, amene atsamunda adawapatsa mphamvu zolamulira mu 1933, akuweruzabe milandu ya minda mpaka lero.

Amene adadzaza misewu mu 2019 kukana chisankho chimene zotsatira zake zina zidafufutidwa ndi Tippex, khothi n'kuchifafaniza pa 3 Febuluwale 2020, ambiri sadagulepo khadi la chipani. Kalembera wa 2018 adapeza kuti oposa theka la Amalawi sadakwane zaka 18. Wandale amene akupemphabe mavoti pokumbutsa za 1964 kapena 1994 akulankhula ndi anthu ochepa.