Mbewa zaulula mmene minofu imayambira m'mimba

Nyengo yokolola ikatha, pamsewu wa M1 wodutsa m'boma la Balaka anyamata amakweza mipani ya mbewa galimoto ikamadutsa. Kwa ife mbewa ndi ndiwo. Asayansi amaweta mtundu wina wa mbewa m'malabotale, ndipo tinyama timeneti tawaphunzitsa zambiri za mmene mnofu wa munthu umapangikira.

Mnofu uli ngati chingwe cha khonje: ndi timaulusi tambirimbiri tomangidwa pamodzi. Kaulusi kalikonse kamapangika maselo angapo akalumikizana n'kukhala chinthu chimodzi chachitali. Mbewa imakhala ndi bere masiku pafupifupi 20 okha, choncho n'kosavuta kutsatira ntchitoyi tsiku ndi tsiku. Timaulusi toyamba timaoneka bere likangopitirira theka, kenako gulu lachiwiri, lochuluka kwambiri, limamera mozungulira toyambato.

Amene amalamula zonsezi ndi majini, malangizo achibadwa omwe ali m'maselo. Mu 1987 Harold Weintraub ndi anzake ku Seattle anapeza jini yotchedwa MyoD. Ataiyambitsa m'maselo omwe sanali a mnofu, maselowo anasanduka a mnofu. Mu 1993 ofufuza anachotsa MyoD pamodzi ndi inzake, Myf5, ndipo ana a mbewa anabadwa opanda minofu yoyendetsa thupi. Mbewa zochotsedwa jini ya myogenin zinali nawo maselo oyambira, koma ambiri sanalumikizane kukhala ulusi, moti zinkafa zikangobadwa chifukwa cholephera kupuma.

Palinso jini yoletsa minofu kukula kwambiri. Mu 1997 Se-Jin Lee ndi Alexandra McPherron a ku Johns Hopkins anachotsa jiniyi, yotchedwa myostatin, ndipo minofu ya mbewa inakula kuwirikiza kawiri mpaka katatu. Timaulusi tinachuluka, tinanenepanso. Ng'ombe za Belgian Blue zili ndi vuto pa jini yomweyi. Zili ndi nyama yambiri, koma zambiri mwa izo zimabereka pochita opaleshoni.

Mfundo yomwe ikutikhudza kwathu kuno ndi iyi: kuchuluka kwa timaulusi kumakhazikika makamaka mwana asanabadwe. Akabadwa, mnofu umakula chifukwa timaulusi tomwe tilipo kale tikutalika ndi kunenepa, mothandizidwa ndi maselo osungidwa m'mbali mwake, omwenso amakonza mnofu ukavulala. Kulima ndi kupalasa njinga yakabaza kumalimbitsa mnofu, koma sikuwonjezera timaulusi kwenikweni.

Majini aja sagwira bwino ntchito pamimba yanjala. Kafukufuku pa nkhosa ndi nkhumba waonetsa kuti make akaperewedwa chakudya ali ndi bere, mwana amabadwa ndi timaulusi tochepa ta gulu lachiwiri lija. Pa anthu, ana obadwa ndi sikelo yotsika amakonda kukula ndi minofu yochepa ngakhale atafika pa ukulu.

Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osafika zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Ku Balaka, komwe mvula imadula kawirikawiri, mayi woyembekezera amatha kugonera nsima ya masamba okha mwezi wa Januwale. Zimandiwawa kuti m'makomo ena dzira ndi nthuli yabwino zimapitabe m'mbale ya bambo. Nandolo, mtedza wotendera, matemba a ku Chilwa ndi mazira ziyambe zafika kwa mayi wapakati, kuyambira miyezi yoyambirira, mimba isanayambe n'kuoneka komwe.