Njinga Pamsewu wa Miyala: Chikweza ndi Mtsetse

Nyengo yokolola ikafika m'boma la Mchinji, misewu yadothi ya kwa Mkanda, kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni imadzaza ndi njinga zakapalasa dzuŵa lisanatuluke. Wina wamanga matumba aŵiri a mtedza pakeliyala kulinga ku msika wa pa Kamwendo, wina wabereka mayi wodwala kupita naye ku chipatala cha pa Boma, wina ndi mnyamata wa kabaza amene akuthamangira apaulendo ku chipata cha m'malire a Malaŵi ndi Zambia. Dera lalikulu la bomali ndi chidikha chokhala pa mamita pafupifupi 1,200 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, koma cha kumalire kuli mapiri a Mchinji amene nsonga zake zimapyola mamita 1,500. M'mphepete mwa mapiri ameneŵa msewu umakwera ndi kutsika, ndipo pamwamba pake pamakhala nsangalabwi zosagwirana ndi nthaka. Ameneŵa ndiwo malo amene wopalasa njinga ayenera kuwadziŵa bwino.

Kumaiko a ku Ulaya kupalasa njinga m'misewu yotereyi ndi maseŵera olemekezeka. Pamene mpikisano wa Tour de France udakwera koyamba mapiri aatali a Alps m'chaka cha 1911, podzera pa Col du Galibier, msewu wake udali wadothi ndi miyala. M'chaka cha 2005 mpikisano wa Giro d'Italia udadutsa pa Colle delle Finestre, mpata wa pa mamita 2,178, pamene makilomita 8 omalizira ndi amiyala. Ndipo m'chaka cha 2022 bungwe loyang'anira maseŵera a njinga la UCI lidachititsa ku Italy mpikisano woyamba wa dziko lonse wa m'misewu ya miyala. Akatswiri ameneŵa amapalasa pofuna mphotho, pamene mlimi wa ku Mchinji amapalasa pofuna ndalama ya feteleza ndi ya sukulu ya ana. Komatu mwala umene umagwetsa mmodzi ndi womwewo umene umagwetsa mnzake. Chotero zimene adaphunzira a mpikisanowo n'zothandizanso kumudzi.

Choyamba ndi tayala. Njinga zothamangira pa tala zimakhala ndi matayala opyapyala, a mamilimita 25 kapena 28, koma za pa miyala zimakhala ndi matayala a mamilimita 38 mpaka 45. Chodabwitsa n'chakuti tayala la njinga yakale ija ya mabuleki a zitsulo, lolembedwa kuti 28 x 1½, ndi lalikulu pafupifupi chimodzimodzi. Kusiyana kuli pa kapopedwe. Anthu ambiri amaganiza kuti tayala lolimba ngati mwala ndilo limathamanga, koma pa nsangalabwi tayala lotere limangodumphadumpha, ndipo nthaŵi imene lili m'malere siligwira msewu. Tayala lofeŵerapo pang'ono limakumbatira timiyala ndi kukhazikika pansi. Komabe likafeŵetsa, makamaka pali katundu, limu imapana chubu pa mwala n'kuboola timabowo tiŵiri. Nzeru yake ndi iyi: la kumbuyo, limene limasenza katundu, lipopedwe mokwanira, ndipo la kutsogolo lichepereko mpweya pang'ono.

Chachiŵiri ndi chikweza. Munthu wolemera makilogalamu 60, atakwera njinga ya makilogalamu 20 ndi matumba aŵiri a makilogalamu 50 lililonse, akukweza makilogalamu 180 ndi miyendo yake iŵiri. Njinga za mpikisano zili ndi magiya amene amalola wopalasa kuzunguza mapedulo kambirimbiri pamene gudumu likuyenda pang'ono, kotero kuti ntchito yolemera imagaŵidwa m'tizigawo topepuka. Njinga ya giya imodzi ilibe mwayi umenewu. Mwini wake akaimirira pa mapedulo kuti akanikize ndi thupi lonse, gudumu la kumbuyo likhoza kungopala miyala osapita patsogolo. Ndipo ngati katundu wamangidwa cha kumapeto kwa keliyala, gudumu la kutsogolo limanyamuka. Potero kutsika ndi kukankha njinga si chinthu chochititsa manyazi ayi. Ngakhale pa Galibier paja ambiri mwa akatswiri a masiku amenewo ankatsika n'kumakankha.

Koma chikweza, ngakhale chimatopetsa, sichipha munthu kaŵirikaŵiri. Choopsa ndi mtsetse, pakuti pa iwo mpamene mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere umapherezera. Wopalasa watopa, thukuta lili kamukamu, ndipo akaona msewu wapendekera pansi amalekerera njinga kuti kamphepo kamuombe. Iye amaiŵala lamulo limodzi la chilengedwe: liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mtunda wofunika kuti njinga iime umaŵirikiza kanayi. Njinga imene ikadaima pa mamita 5 ifuna mamita 20, ndipo m'kati mwa mamita 20 amenewo mungakhale ngalande yokumbidwa ndi mvula, mbuzi, mwana wa sukulu, kapena kamlatho ka mitengo.

Mabuleki amaimitsa njinga posandutsa liŵiro kukhala kutentha. Katundu akachuluka, kutentha kumachulukanso, ndipo mphira wa buleki umayamba kuterera. Njinga zimene zimamanga buleki popondera pedulo kumbuyo zilinso ndi malire ake. M'chaka cha 1976 anyamata a ku Marin County, m'chigawo cha California ku America, adayambitsa mpikisano wotsika phiri pa njinga zoterezi, nautcha Repack, chifukwa chakuti pofika m'munsi girisi wa m'habu amakhala atapsa ndipo ankayenera kuikamo wina. Phunziro lake n'lakuti liŵiro lichepetsedwe pamwamba pa mtsetse, njinga isanathaŵe, osati pakati pake.

Palinso kagwiridwe ka mabulekiwo. Pa tala buleki ya kutsogolo ndiyo ili ndi mphamvu yoimitsa, koma pa miyala, ikafinyidwa mwadzidzidzi, gudumu limaleka kuzungulira n'kuseseleka cham'mbali, ndipo wokwerayo amafikira nkhope pansi. Odziŵa amagwira mabuleki onse aŵiri mofatsa, kufinya ndi kulekerera, ndipo amatero msewu ukadali woongoka. Pofika pokhota amakhala atachepetsa kale liŵiro, thupi alibweza cha kumbuyo kwa chishalo, zigongono zili zopinda, maso ali patali pamene akufuna kupita, osati pa mwala umene akuuopa. Katundu naye amangidwe cha m'munsi, molingana mbali zonse, pafupi ndi chishalo, pakuti thumba losanjikidwa pamwamba limakoka njinga pokhota.

Nyengo ya dzinja, kuyambira mwezi wa November kufikira April, imabweretsa vuto lina. Limu yachitsulo ikanyowa, mphira wa buleki umayamba wapukuta madzi usanagwire, ndipo pa kanthaŵi kameneko njinga imayenda ngati ilibe buleki. Dothi la katondo nalo limaterera ngati therere ndi kumatirira pakati pa tayala ndi madigadi. Wodutsa pa madzi ayenera kufinya mabuleki pang'ono akangooloka kuti limu iume asanafike pa mtsetse wina.

Zonsezi sizifuna njinga ya mtengo wapatali. Mphira wa buleki ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi thumba la mtedza lotayikira mu ngalande, ndipo amisiri okonza njinga amapezeka pansi pa mtengo pafupifupi pa msika uliwonse. Asananyamuke, wopalasa afinye mabuleki aone ngati akugwira, akanikize matayala ndi chala, agwedeze katundu aone ngati zingwe zalimba. Wa kabaza akafika pamwamba pa mtsetse wautali ali ndi munthu kumbuyo, palibe cholakwa kunena kuti, "Pepani amayi, tatsikani pang'ono, pano tiyende pansi." Wokwerayo mwina ang'ung'udza chifukwa cha kuchedwa, koma akafika ku chipatala ndi matenda okhawo amene adachoka nawo kunyumba.